Kayezedwe ka mpweya wa methane wochokera ku ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zikadya udzu, tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'chifu timasasitsa chakudyacho, ndipo potero timatulutsa mpweya wa methane, umodzi mwa mipweya yotenthetsa dziko. Wochuluka umatulukira kukamwa nyama ikamageya, osati kumbuyo monga ambiri amaganizira, choncho chipangizo choyezera chiyenera kuyang'ana kukamwa ndi kumphuno.

Musanagwire chipangizo chilichonse, yambani mwatenga sikelo, chifukwa kuchuluka kwa methane kumayendera chakudya chimene nyama yadya. Yezani chakudya chimene mwaika modyera, m'mawa mwake muyezenso chotsala, kenako mutapepo pang'ono n'kuumitsa mu uvuni kuti mudziwe kulemera kwake madzi atachokamo. Mulembenso kulemera kwa nyama, msinkhu wake, ndiponso ngati ikukamidwa kapena ili ndi bere. Popanda zimenezi, nambala ya methane imene mungapeze siikuuzani kanthu, ngakhale makina akhale odula chotani.

Njira yodalirika kuposa zonse ndi kutsekera nyama m'kachipinda kokhala ndi paipi yolowetsa mpweya ndi ina yotulutsa, n'kumayerekeza methane wa mbali ziwirizi usana ndi usiku kwa masiku angapo. Muizoloweze kaye kachipindako, pakuti nyama yamantha imachepetsa kudya ndipo zotsatira zimatsika monyenga.

Kwa ziweto zodya kubusa, pali njira ya SF6 (sulphur hexafluoride), mpweya wopangidwa ndi anthu umene umagwiritsidwa ntchito ngati choyerekezera. Kachubu kakang'ono kotulutsa mpweyawu pa mlingo wodziwika kamamezetsedwa kuti kakakhale m'chifu, ndipo nyama imavekedwa botolo lochotsedwa mpweya wonse, lokhala ndi kapaipi kofika pamwamba pa mphuno. Pakatha maola 24 botolo limasinthidwa n'kupita kulabotale, kumene amayerekeza methane ndi SF6 amene walowamo, ndipo popeza mlingo wa SF6 wotuluka m'kachubu ndi wodziwika, amatha kuwerengera methane amene nyama yatulutsa. Muziyang'ana kapaipiko kawirikawiri, chifukwa kamatsekeka ndi mamina, matope kapena madzi nyama ikamamwa, ndipo musaiwale kupachika botolo lina patali ndi ziweto loyezera mpweya wa pamalopo. Njira ina ndi makina otchedwa GreenFeed, amene amakopa nyama ndi chakudya pang'ono n'kuyeza mpweya wake kwa mphindi zochepa. Vuto lake n'lakuti ina imabwera kawirikawiri pamene ina siyandikira n'komwe.

Ngati zipangizo palibe, werengerani potsata malangizo a 2006 a IPCC, bungwe la United Nations loona za sayansi ya kusintha kwa nyengo. Tiyerekeze kuti ng'ombe ikudya makilogalamu 8 a chakudya chouma patsiku. Kilogalamu iliyonse imawerengedwa kuti ili ndi mphamvu zokwana 18.45 MJ (megajoule, muyezo wa mphamvu), ndiye kuti patsiku ndi 147.6 MJ. Mwa mphamvu zimenezi, 6.5 peresenti imatayika ngati methane, ndipo mukagawa ndi 55.65 MJ, zomwe ndi mphamvu za kilogalamu imodzi ya methane, mupeza pafupifupi magalamu 172 patsiku, kapena makilogalamu 63 pachaka. Pofuna kuyerekeza mmene methane amatenthetsera dziko ndi mpweya wa carbon dioxide pa zaka 100, malipoti ambiri amachulukitsa kulemera kwa methane ndi 28, koma muzitchula nambala imene mwagwiritsa ntchito popeza imasiyana m'malipoti a IPCC.

Ndowe ziwerengedwe padera. Zounjikidwa m'dzenje lamadzi zimatulutsa methane wambiri kuposa zouma pamtetete, ndipo ndowe ndi mkodzo zimatulutsanso nitrous oxide, mpweya wina wotenthetsa dziko, choncho mulembe mmene zimasungidwira komanso kutentha kwa pamalopo.