Kukonza denga lodontha pa ulendo wa mpingo

Gulu la mpingo likupita kukakonza nyumba ya munthu wovutika yomwe denga lake la malata likudontha. Ntchito iyende bwanji?

1. Anthu awiri atsogole kudakali sabata imodzi, akamve zofuna za mwininyumba ndi kuyeza denga.

2. Musagule malata musanaone mitengo ya denga. Ibayeni ndi msomali. Ukalowa mosavuta ndiye kuti mtengowo wawola kapena wadyedwa ndi chiswe, usinthidwe. Apa ndi pamene magulu ambiri amalakwitsa, chifukwa msomali sugwira pa mtengo wowola, ndipo malata atsopano aja amasasuka ndi mphepo.

3. Makwerero atalikire khoma mita imodzi m'munsi mwake pa mamita 4 aliwonse a kutalika, ndipo apitirire m'mphepete mwa denga ndi mita imodzi. Wina aziwagwira. Valani magolovesi, malata amacheka.

4. Sasulani gawo lokhalo lomwe mungatseke tsiku lomwelo, lona ali pafupi.

5. Khomani kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Lata lam'mwamba liphimbe lam'munsi ndi masentimita 15 mpaka 20, m'mbali malata aphimbane mzere umodzi ndi theka. Msomali ulowe pamsana pa mzere, osati mumpita wa madzi. Musaumenye mpaka kuphwanya lata, poti madzi amadikha pamenepo. Pondani pomwe pali misomali, pansi pake pali mtengo. Pa malata onyowa musakwerepo.

6. Thirani madzi padenga wina ali m'nyumba kuona podontha, kenako tolani misomali yonse yogwa.