Kalulu wa m'nyumba: konzani chipinda musanamutsegulire khola

Kuno ku Salima ambiri tinazolowera kalulu wa m'khola la m'mwamba kuseri kwa nyumba, woweta kuti tidzadye kapena tidzagulitse. Koma masiku ano pa boma, kwa Kamuzu Road, ku Senga Bay ngakhale ku Chipoka, mabanja ena akusunga kalulu m'nyumba momwe, kawirikawiri chifukwa ana amukonda. Ine ndikuona kuti n'zabwino, pakuti kalulu wosamalidwa bwino amatha zaka 8 mpaka 12 ali moyo, ndipo amazolowera anthu. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti ena amamutsekera m'kabokosi usana ndi usiku mpaka miyendo kufooka, pomwe ena amangomutayirira nyumba yonse osakonza kalikonse. Njira zonse ziwirizi zingaphe kalulu.

Malo akhale otani? Bungwe la ku Britain loona za akalulu, Rabbit Welfare Association and Fund, limalangiza kuti akalulu awiri akhale ndi malo a mamita 3 m'litali, mamita 2 m'lifupi ndi mita imodzi kupita m'mwamba. M'nyumba zathu zimenezi zikutanthauza chipinda chimodzi, kapena mbali ya pabalaza yotchinga ndi matabwa kapena waya wa sefa. Khola lake likhale momwemo, chitseko chili chotsegula, kuti azilowa ndi kutuluka mmene wafunira. Kalulu amachangamuka mbandakucha ndi madzulo dzuwa likapendeka, ndiye ngati simungathe kumusiya womasuka tsiku lonse, nthawi ziwirizi musam'mane.

Musanamutsegulire, gwadani pansi m'chipindamo, muyang'ane kuchokera pomwe maso ake amafika. Choyamba chimene mudzaone ndi mawaya: chaja ya foni yolendewera pa soketi, waya wa fani, wa wailesi ya kanema, wa sola wopita ku batire kuseri kwa mpando. Mano a kalulu amakula moyo wake wonse, choncho kutafuna si mwano, ndi chibadwa, ndipo kumumenya sikuthandiza. Waya wa chaja amaudula kamodzi n'kamodzi. Ukakhala wa magetsi a ESCOM amapsa m'kamwa kapena kufera pomwepo, ndipo waya wosendeka wa batire ungayatse moto m'nyumba. Kwezani mawaya onse m'mwamba mwa khoma. Amene sangakwezedwe muwalowetse m'paipi yapulasitiki yolimba, ija amisiri a magetsi amayika m'khoma. M'malo mwake mupatseni zotafuna zake: makatoni opanda tepi, ndipo koposa zonse udzu wouma wosatha, chifukwa udzu ndiwo uyenera kukhala gawo lalikulu la chakudya chake.

Nkhani ya poizoni ndiyo ndikufuna muimvetsetse kwambiri, makolo anzanga, chifukwa kalulu satha kusanza. Chimene wameza chalowa basi. M'nyumba zambiri muli tameki kapena mankhwala ena a makoswe osakaniza ndi usipa kapena gaga kuseri kwa kabati, ndipo gaga ndi chakudya chimene kalulu sachisiya. M'chipinda chosungira muli matumba a chimanga chothira Actellic, mwinanso feteleza ndi mankhwala a thonje. Chipinda chimenecho chizikhala chotseka nthawi zonse. Kuno kunyanja timalimbananso ndi udzudzu chaka chonse. Mukamapopera Doom kapena kuyatsa koyilo, kalulu akhale kwina kufikira mpweya utasintha, ndipo neti yonyikidwa m'mankhwala isamalendewere pansi pomwe angaitafune. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chake.

Ku khitchini nako kuli zomupweteka zomwe ife timaziona ngati chakudya wamba. Chigwada chachiwisi ndi makoko a chinangwa chowawa zili ndi poizoni yemwe ife timamuchotsa posinja, poviika ndi pophika, koma kalulu akazipeza m'lichero pansi amadya zosakonza. Mapeyala, anyezi, masamba a tomato ndi a mbatatesi, njere za nsatsi, zonsezi zisamufike. Kholowa, chisoso ndi masamba ouma a mtedza ndi zabwino, bola zichokere kumalo osapopera mankhwala, ndipo chakudya chachilendo muzimuyambitsa pang'onopang'ono.

Simenti yopaka polishi ndi matailosi zimamuterereka, ndipo kalulu akadzidzimuka pamalo oterera angavulale msana. Yalani mkeka kapena mphasa, ngakhale makatoni. Chiguduli chapulasitiki ayi, ulusi wake umatseka matumbo.

Tsopano kutentha. Kalulu satuluka thukuta ngati ife, amataya kutentha kudzera m'makutu, ndipo kukapitirira madigiri 30 amakhala pa ngozi. Inu mukudziwa mmene kuno kumakhalira mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumafika madigiri 35, makamaka m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Musankhireni chipinda chimene dzuwa la masana silimenya, chodutsa mphepo. Ikani mtsuko wa dothi wodzaza madzi pakona, mudzamuona atagona chotambalala m'mbali mwake, mimba ili pansi. Amene muli ndi firiji, botolo la madzi oundana lokulunga m'kansalu limathandiza. Madzi akumwa akhale m'mbale yolemera yosagubuduzika. Mukamuona akupuma mothamanga, pakamwa pali ponyowa, makutu ali ofiira ndiponso otentha, nyowetsani makutuwo ndi madzi ozizira pang'ono, mumuike pozizira, muitane mlangizi wa ziweto. Musamumize m'beseni la madzi.

Za chimbudzi musade nazo nkhawa. Kalulu amasankha yekha kona imodzi. Ikani pamenepo beseni lalifupi, pansi nyuzipepala, pamwamba mapesi a mpunga, omwe sasowa nthawi yokolola ku Lifuwu, ndipo udzu wakudya ukhale pafupi chifukwa amakonda kudya ali pomwepo. Muzichotsa tsiku ndi tsiku, makamaka nthawi ya dzinja pamene ntchentche zimaikira mazira paubweya wonyowa ndi mkodzo n'kuyambitsa mphutsi. Ndowe zofewa zimene amadya zikungotuluka si matenda, m'thupi mwake zimafunika.

Mumuikirenso pobisala: katoni yoboola mbali ziwiri, kuti asamaone ngati watsekerezedwa. Akamenya pansi ndi mwendo wakumbuyo ndiye kuti waopa china chake. Galu ndi mphaka, ngakhale ooneka ofatsa, asamatsale naye okha, ndipo mpata wa pansi pa chitseko mutseke chifukwa cha njoka ndi linthumbu. Ana muwaphunzitse kukhala pansi kuti kalulu abwere yekha. Kunyamulira makutu, komwe tinazolowera kumsika, kumamupweteka. Dzanja limodzi ligwire pachifuwa, lina lichirikize kumbuyo.

Kalulu akatha maola 12 osadya kapena osachita ndowe, musadikire kuti kuche kawiri, pitani naye kwa mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) tsiku lomwelo. Musamumwetse makapisozi a amoxicillin otsala m'nyumba monga ena amachitira ndi nkhuku, chifukwa amapha tizilombo tothandiza m'matumbo mwake ndipo kalulu amafa ndi kutsegula m'mimba. Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi fipronil nawonso ndi poizoni kwa kalulu.