Kuwerengera ndalama musanagule mankhwala popanda chikalata cha dokotala

Musanagule mankhwala ku famase kuno ku Mangochi, werengani ndalama zonse, osati mtengo wa mapilisi wokha. Kuchipatala cha boma mankhwala ndi aulere, koma msodzi wochokera kutali amalipira kabaza n'kutaya tsiku lonse pamzere, choncho kugula panado pafupi kumapulumutsadi ndalama.

Pa malungo nkhani ndi ina. Yambani mwayezetsa magazi, chifukwa munthu wamkulu amafunika mapilisi 24 a LA, mankhwala a malungo, m'masiku atatu, ndipo wogula ochepa poti ndalama zaperewera amadzalipira kawiri matenda akabwerera. Funsaninso ngati famaseyo ili ndi chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira za mankhwala la PMRA. Koma amoxicillin wokulungidwa m'timapepala pamsika musamugule, pakuti kumwa mwachisawawa kumachititsa tizilombo kusamvanso mankhwala, ndipo olowa m'malo mwake amadula kwambiri.