Mpikisano umodzi woipa usakutsatireni kumtunda

Inu oyendetsa mabwato a matanga, chimene chimagwetsa ambiri si mphepo, ndi maganizo oti "ndaononga kale". Pa Olimpiki mipikisano imakhala ingapo, ndipo umene mwachita moipitsitsa m'chigawo choyamba amauchotsa powonkhetsa mapointi. Mwanyamuka nthawi isanakwane n'kulangidwa? Mwina wotayidwawo ndi umenewo.

Mukafika pagombe, dandaulani mphindi 10 zokha, lembani chinthu chimodzi choti mukonze mawa, kenako idyani, imwani madzi, foni muiike patali.

Kudikira nakonso kumatopetsa mutu. Pa Olimpiki ya 2024, ku Marseille m'dziko la France, mphepo inkasowa, mipikisano n'kumachedwa kapena kuimitsidwa. Zikatero khalani pamthunzi, chezani nkhani zina. Koma tulo tikamasowa usiku ndi usiku, kapena mantha akamakugwirani musanakweze thanga, auzeni kochi kapena katswiri wa zamaganizo.