Kontrakiti ya Crosby: mmene mungalowere mkangano wa masapota a Penguins osachita manyazi

Pa 16 Sepitembala 2024, Sidney Crosby, ali ndi zaka 37, anasaina kontrakiti ya madola 17.4 miliyoni yoonjezera zaka ziwiri ku Pittsburgh Penguins, timu ya hockey ya pa ayisi ya ku America, ndipo chiyambire tsiku limenelo masapota a timuyi sakumwerana madzi. Ena akuti munthuyu anabweretsa Stanley Cup, chikho chachikulu cha ligiyi, katatu, mu 2009, 2016 ndi 2017, ndiye msiyeni akalambire pakhomo pomwepo. Ena akuti timu imene yakhala kunja kwa ma playoffs (masewero ochotsana olimbirana chikhochi) mu 2023, 2024 ndi 2025 ikungodzinamiza, ndipo bola kugulitsa akuluakulu onse n'kuyambiranso ndi anyamata.

Ine hockey ya pa ayisi ndimaitsatira pafoni usiku. Masewero ambiri a ku Pittsburgh amayamba 7 koloko madzulo kwawoko, kuno ku Malawi ili 1 kapena 2 koloko usiku malinga ndi mwezi. Munthu ukataya tulo chonchi sufuna kumva mkangano wongokuwa kuti "wakalamba" ndi "ndi kaputeni wathu". Pali njira yoyezera kontrakiti yotere, ndipo imagwira ntchito kwa katswiri aliyense wa mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ku America ndi Canada, amene tsitsi layamba kumera imvi.

Poyamba chotsani m'mutu zimene mukudziwa za mpira wamiyendo. Ku NHL kulibe zoti timu yolemera itulutse ndalama n'kugula wosewera kwa inzake. Osewera amasinthanitsidwa ndi osewera ena kapena ndi mwayi wosankha anyamata pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankhira osewera atsopano motsatizana. Kuonjezera apo, matimu onse 32 ali ndi malire amodzi a ndalama zolipira osewera, amene amawatcha salary cap. Mu 2024-25 malirewo anali madola 88 miliyoni, mu 2025-26 ndi 95.5 miliyoni, ndipo mu 2026-27 ndi 104 miliyoni. Ndiye munthu akakuuzani kuti madola 17.4 miliyoni ndi ambiri kwa nkhalamba, musayankhe kaye. Tulutsani kakyuleta ya pafoni.

Tengani ndalama zonse za kontrakiti, mugawe ndi zaka zake. Kwa Crosby, 17.4 kugawa pawiri ndi 8.7 miliyoni pa chaka. Kenaka mugawe nambala imeneyo ndi malire a chaka chimenecho. Mupeza kuti m'chaka choyamba cha kontrakiti yatsopanoyi, 2025-26, akudya 9.1 peresenti ya thumba la timu, ndipo m'chaka chachiwiri 8.4 peresenti. Tsono bwererani ku 2008-09. Chaka chimenecho Crosby ankawerengedwanso 8.7 miliyoni yomweyi, koma malire anali 56.7 miliyoni, kutanthauza kuti ankadya yoposa 15 peresenti. Bamboyu ali ndi kachikhulupiriro kake pa nambalayi: anabadwa pa 7 Ogasiti 1987, amavala jezi ya 87, ndipo makontrakiti ake atatu otsatizana onse ndi a 8.7. Zotsatira zake n'zakuti chaka chilichonse malire akakwera, iye amatchipa. Auston Matthews ku Toronto amawerengedwa 13.25 miliyoni, Leon Draisaitl ku Edmonton 14 miliyoni, ndipo Nathan MacKinnon, amene anakulira ku Cole Harbour komweko kumene Crosby anakulira, amawerengedwa 12.6 miliyoni ku Colorado. Manambala oterewa mumawapeza pa webusaiti ya PuckPedia. Kale tinkadalira CapFriendly, koma a Washington Capitals anaigula mu 2024 n'kutitsekera tonse panja.

Mukathana ndi ndalama, yang'anani zimene munthuyo akuchita pa ayisi panopa, osati zimene anachita muli kusukulu. Mu hockey pointi ya wosewera ndi chigoli chimene wamwetsa yekha kapena chimene wathandizira. Crosby anapeza mapointi 93 mu 2022-23, 94 mu 2023-24 pamodzi ndi zigoli 42, ndi 91 mu 2024-25. M'zaka ziwiri zoyambazo sanajombe ngakhale sewero limodzi mwa masewero 82, zimene zimadabwitsa mukakumbukira mmene kuvulala m'mutu kunamukhazikira pansi mu 2011. Chaka cha 2024-25 chinali chake cha 20 chokhala ndi avereji ya pointi imodzi kapena kuposerapo pa sewero lililonse, ndipo apa anamudutsa katswiri wakale Wayne Gretzky amene anafika pa 19.

Koma musaime pa mapointi okha, chifukwa amene mukutsutsana naye akakhala wodziwa adzakugwirani pomwepo. Funsani kuti mapointiwo akubwera matimu onse ali asanu asanu, kapena akungokolola pa power play, pamene adani achotseredwa munthu mmodzi. Onaninso zigoli zimene timu yake ikumwa iye ali pa ayisi, pakuti katswiri akamakalamba manja amakhala adakalipo koma miyendo yobwerera kumbuyo ndi imene imayamba kukana.

Chachitatu ndi kutalika kwa kontrakiti, ndipo apa anthu ambiri amaponya mwala pamalo olakwika. Zaka ziwiri si ngozi. Zikavuta mumapirira pang'ono basi zatha. Yerekezani ndi za Kris Letang, wotchinga kumbuyo wobadwa chaka chimodzi ndi Crosby, amene mu Julaye 2022 anapatsidwa zaka zisanu ndi chimodzi pa 6.1 miliyoni pa chaka, mpaka 2028 pamene adzakhale ndi zaka 41. Mwezi womwewo Evgeni Malkin anapatsidwa zaka zinayi pa 6.1 miliyoni. Dziwaninso kuti kontrakiti ya zaka zingapo yosainidwa munthu atakwana kale zaka 35 ili ndi lamulo lake: ikakhala yakuti ndalama zambiri zili kumayambiriro, imawerengedwabe pa cap ngakhale mwiniwakeyo atapachika nsapato isanathe. Ndiye muziona mmene ndalama zagawidwira chaka ndi chaka.

Tsopano pofika pamene ine ndimakhalitsa ndi apa: werengani anthu amene amuzungulira. Mu 2024-25 Crosby, Malkin, Letang ndi Erik Karlsson pamodzi ankawerengedwa 30.9 miliyoni, kupitirira gawo limodzi mwa atatu a thumba lonse, ndipo wamng'ono mwa iwo anali ndi zaka 34. Mwa anayiwa, amene ankabweza ndalama yake mosakayikitsa anali Crosby. Kyle Dubas atangofika kudzatsogolera timuyi mu Juni 2023, anachita ngati munthu woti chikho achifuna lero lomwe. Anapatsa Ryan Graves zaka zisanu ndi chimodzi pa 4.5 miliyoni, anapatsa goloboyi Tristan Jarry zaka zisanu pa 5.375 miliyoni, ndipo mu Ogasiti anatenga Karlsson ku San Jose, n'kuperekerapo mwayi wa timu wosankha mu raundi yoyamba ya draft ya 2024. Karlsson anali atangopeza mapointi 101 ndi mphotho ya Norris ya wotchinga kumbuyo wabwino kwambiri, ndiye panthawiyo ambiri tinaomba m'manja. Patangotha miyezi isanu ndi iwiri, mu Malichi 2024, Dubas yemweyo anatumiza Jake Guentzel, mnzake wa Crosby wa mzere woyamba (gulu loyamba la osewera atatu akutsogolo), ku Carolina posinthana ndi Michael Bunting ndi anyamata monga Ville Koivunen. Mu Januwale 2025 Jarry anaikidwa pa waivers, kutanthauza kuti timu iliyonse ikanatha kumutenga ulere, koma panalibe inamufuna pa mtengo umenewo.

Mukaika zinthu izi pamzere, mukuona timu imene mwendo wina ukupita kutsogolo wina kumbuyo. Denga ndi limene likudontha, koma anthu akukangana zozula mzati umene uli wolimba m'nyumba yonse. Ndiye wina akanena kuti kontrakiti ya Crosby ndi imene ikulepheretsa kumanganso timu, mufunseni kuti atchule wosewera mmodzi amene Penguins inalephera kumusaina chifukwa cha 8.7 miliyoni imeneyi. Nthawi zambiri amayamba kukanda m'mutu.

Komabe musathamangire kunyada, chifukwa a mbali inayo ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndipo si ya ndalama. Mfundo yake ndi yakuti Crosby ndi wabwino kwambiri moti timu singagwe mpaka pansi. Mu NHL matimu 16 amene alephera ma playoffs amalowa m'maere a draft. Timu yothera pansi penipeni ili ndi mwayi wa 25.5 peresenti wosankha koyamba, ndipo palibe timu imene ingakwere malo oposa khumi kudzera m'maerewo. Amene amavutika ndi apakati. Penguins inapeza mapointi 91 a timu pa mndandanda wa ligi mu 2022-23 n'kuperewera imodzi yokha, Florida n'kulowa m'malo mwawo mpaka kukafika mu fainolo. Chaka chotsatira inapeza 88, kenaka 80. Mapointi otere sakulowetsa ma playoffs, komanso sakupatsa mnyamata wapamwamba: mu 2023 anasankha pa nambala 14, mu 2024 analibe raundi yoyamba, ndipo mu 2025 anasankha Ben Kindel pa nambala 11. Masapota akale amakumbukiranso kuti ulemerero wonsewu unabadwa m'zaka za manyazi. Marc-André Fleury anasankhidwa woyamba mu 2003, Malkin wachiwiri mu 2004, Crosby woyamba mu 2005, Jordan Staal wachiwiri mu 2006. Mfundo imeneyi muivomere poyera, mkangano umakoma choncho.

Mukaivomera, mufunse mnzanuyo kuti akamati kumanganso akutanthauza chiyani kwenikweni, ndipo akupatseni zaka. Chicago inachita zimene iye akufuna. Inatumiza Patrick Kane ku New York Rangers mu 2023, inasiya Jonathan Toews apite, maere anaikomera n'kupeza Connor Bedard, koma mu 2024 ndi 2025 inathera pa nambala 31 mwa 32. Buffalo inasankha Jack Eichel wachiwiri mu 2015, Rasmus Dahlin woyamba mu 2018 ndi Owen Power woyamba mu 2021, koma kuchokera mu 2012 kufikira 2025 sinaone ma playoffs. Ngakhale Crosby weniweniyo anabwera mwa mwayi, pa maere apadera amene anachitika chaka cha 2004-05 chitathetsedwa chifukwa cha kusamvana kwa eni matimu ndi osewera. Kugwa pansi dala n'kosavuta, koma palibe amene amakulonjeza tsiku lodzuka.

Chitsanzo chimene ine ndimakonda kutulutsa ndi Washington. Mu 2021 anapatsa Alex Ovechkin zaka zisanu pa 9.5 miliyoni pa chaka, ali ndi zaka 35, ndipo ambiri ankati timuyo yasanduka yongoperekeza munthu mmodzi ku rekodi ya zigoli. Rekodiyo anaiphwanyadi pa 6 Epulo 2025 ndi chigoli cha 895. Koma m'mbalimu akuluakulu a timu sanagone. Anabweretsa mphunzitsi wachinyamata Spencer Carbery mu 2023, ndipo mu 2024 anatenga Pierre-Luc Dubois, Jakob Chychrun ndi goloboyi Logan Thompson, onse a zaka za m'ma 20. Mu 2024-25 anathera pamwamba pa Eastern Conference, chigawo cha kum'mawa cha ligiyi, ndi mapointi 111. Anasunga nkhalamba yawo imodzi, osaiunjikira nkhalamba zinzake. A mbali inayo adzakuyankhani ndi Tampa Bay, imene mu 2024 inalola kaputeni wake Steven Stamkos apite ku Nashville pa 8 miliyoni pa chaka n'kutenga Guentzel m'malo mwake, ndipo Nashville inagwera kumunsi kwa ligi. Chitsanzo chabwino ndithu, kungoti Tampa Bay inatsala ndi Nikita Kucherov, Brayden Point ndi Andrei Vasilevskiy. Pittsburgh ikachotsa Crosby itsala ndi ndani?

Musaiwale kufufuza ngati nkhani yomusinthanitsayo ndi yotheka n'komwe. Kontrakiti ya Crosby ili ndi no-movement clause, ndime yakuti sangatumizidwe kwina kulikonse iye asanavomere. Masapota akhoza kumujambula atavala jezi ya Montreal kapena Colorado mmene angafunire, koma Dubas sangachite kanthu popanda siginecha ya mwiniwake, munthu amene wasewera timu imodzi chiyambire 2005 ndipo zaka zake zoyamba ku Pittsburgh ankagona m'nyumba ya Mario Lemieux, katswiri wakale wa timuyi. Funso loyenera kwa akuluakulu a timu ndi la zimene akuchita ndi mbali zimene zili m'manja mwawo. Pamenepa 2025 inaonetsako kusintha: anasiyana ndi Mike Sullivan, mphunzitsi wa zikho za 2016 ndi 2017, anabweretsa Dan Muse, ndipo pa draft anasankha anyamata atatu mu raundi yoyamba.

Kontrakitiyi ikutha pakati pa 2027, kutatsala masabata ochepa kuti Crosby akwanitse zaka 40, ndipo ya Karlsson ikutha nthawi yomweyo. Mkanganowu udzabukanso, ndipo mudzayambire pomwe tinayambira. Malire a 2027-28 analengezedwa kale kuti ndi 113.5 miliyoni, ndiye akadzapemphanso 8.7 yakeyo, idzakhala 7.7 peresenti. Ikadzakhala ya chaka chimodzi kapena ziwiri ine sindidzaitsutsa. Chimene ndidzawerenge ndi chiwerengero cha osewera osakwana zaka 25 amene akusewera m'mizere iwiri yoyamba ya Penguins.