Kabotolo ka GeneXpert kakufuna makhololo

Inu amene mwapatsidwa kabotolo kuti muyezetse TB, chonde musalavuliremo malovu. Makina a GeneXpert amasaka DNA (tinthu tosunga chibadwa) ya kachilombo ka TB, n'kuichulukitsa mwa njira ya PCR mpaka ionekere. Amaonanso kachigawo ka DNA imeneyi kotchedwa jini ya rpoB kuti adziwe ngati mankhwala a TB otchedwa rifampicin angagwire ntchito. Zonsezi zimatenga maola pafupifupi 2.

Komatu DNA imeneyo ili m'makhololo ochokera pansi pa chifuwa, ndipo zimandiwawa munthu wodwaladi akabwerera kwawo atauzidwa kuti alibe TB chifukwa anapereka malovu. Tsukani m'kamwa ndi madzi, tulukani panja podutsa mphepo, kokani mpweya kwambiri katatu, kenako khosomolani mwamphamvu. Makhololo enieni amakhala onanda, nthawi zambiri achikasu. Tsekani kabotolo mothinitsa, mukapereke tsiku lomwelo.