Mchenga umene lole yakhuthula ndi wochuluka bwanji? Uyezeni ndi chingwe

Ine ntchito yanga ndi yomanga nyumba, kuchoka kuno ku Chitakale mpaka ku Nkando, ndipo mchenga sindiulandira ndi maso okha. Dalaivala aliyense wochokera ku Thuchila amati, "Bwana, tiripi yake ndi yodzadza imeneyi." Mwina akunena zoona, koma chingwe ndi tepi ndi zimene zimatsimikiza.

Choyamba uzani anyamata aunjike mchengawo ndi fosholo kuti tsinde likhale lozungulira bwino ndipo nsonga ikhale imodzi, ngati denga la nkhokwe. Mulu wotere kusukulu amautcha koni. Mufunika chingwe chosatamuka, tepi, foni ya kalikuleta ndi munthu mmodzi wokugwirirani.

Zungulizani chingwe patsinde, chikhudze pansi penipeni pamene mchenga wathera, kenako chiyaleni pa tepi. Tinene kuti chakwana mamita 12.6. Gawani ndi 6.28, mupeza mamita 2. Umenewu ndi mtunda wochoka pakati pa mulu kufika m'mphepete, uja amati rediyasi. Sitingauyeze mwachindunji chifukwa pakatipo pakwiririka. Apa musapupulume, pakuti nambala imeneyi tidzaichulukitsa ndi iyo yomwe. Chingwe chikangolendewera n'kukupatsani 2.2 m'malo mwa 2, kutalika kwa mulu n'kukhala komweko, yankho likwera ndi kiyubu (malita 1,000) yathunthu n'kupitirira, inu n'kulipira mchenga umene palibe.

Kutalika ndiko kumasokoneza ambiri. Ena amakwera pamwamba ndi tepi, nsonga n'kuphwanyika. Ena amayeza motsetsereka kuchoka pansonga kufika pansi n'kumati ndiko kutalika. Ayi. Tikufuna kutalika koongoka, kochoka pansonga kutsikira pakati. Ponyani chingwe kuti chidutse pansonga, chiyambire pansi mbali ino chikathere pansi mbali inayo. Tinene chakwana mamita 4.8, theka lake 2.4. Tsopano 2.4 × 2.4 ndi 5.76, ndipo rediyasi ija 2 × 2 ndi 4. Chotserani, patsala 1.76. Dinani chizindikiro cha √ pa kalikuleta (mafoni ena chimaoneka mukaigoneka cham'mbali), ikupatsani 1.33. Ndi lamulo la Pythagoras limeneli, lomwe lija timagwiritsa ntchito poongola kona ya maziko ndi 3, 4, 5. Mulu ukakhala waung'ono musavutike ndi zonsezi. Gonekani thabwa loongoka pansonga, ikanipo levulo, muyeze kuchoka ku thabwa kufika pansi.

Masamu otsiriza ndi awa: 3.14 × rediyasi × rediyasi × kutalika, zonsezo n'kugawa ndi 3. Pa mulu wathuwu, 3.14 × 2 × 2 × 1.33 ndi 16.7, kugawa ndi 3 zitipatsa 5.57. Ndiye kuti makiyubu asanu ndi theka, kapena kupitirira pang'ono.

Eni nyumba amakonda kufunsa kuti 3 ameneyu akuchokera kuti, ndipo ena amaganiza kuti mmisiri akufuna kuwadyera. Yesani nokha. Tengani chitini, mupinde katoni ikhale fanulo yotseka kunsi, kukamwa kwake kufanane ndi kwa chitinicho ndipo kutalika kufananenso. Dzazani fanuloyo ndi mchenga wouma, khuthulirani m'chitini. Chidzadza pa ulendo wachitatu. Agiriki akale anazitsimikiza kalekale, koma mwana wa Sitandade 8 atha kuzionetsa pakhonde.

Kiyubu imodzi ndi malita 1,000, kutanthauza ndowa 50 za malita 20. Wilibala wamba yomangira imatenga malita pafupifupi 65 ikadzadza mosalundumuka, choncho mulu uja ndi mawilibala 85 kapena 86. Ngati mumagula pa matani, kiyubu ya mchenga wouma imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndiye wathuwu wadutsa matani 8.

Ndili ndi kanjira kodzifufuzira ndekha. Mchenga wouma sungaime chilili kupitirira pomwe umatha, umagumuka wokha mpaka kutalika kwake kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mulifupi mwake. Mulu wa mamita 4 mulifupi ukandipatsa kutalika kwa mamita 2, ndimadziwa kuti chingwe chalakwika penapake, kapena mchengawo ndi wonyowa. Ndipo kuno ku Mulanje wonyowa ndiye wambiri. Nthawi ya chiperoni mchenga wachinyezi umafufuma, umaoneka wochuluka kuposa mmene ulili, ukauma mulu umaphwa. Mukagula masiku amenewo chotserankoni ku yankho lanu, ndipo posakaniza ndi simenti muzikumbukira zomwezo.

Njirayi imagwiranso pa kwale, manyowa ngakhale chimanga chotonola. Mulu ukatsamira khoma loongoka ndi theka la koni, werengani ngati wathunthu n'kugawa pawiri. Lole ikakhuthula ikuyenda, mulu n'kutalika ngati mzere, musalimbane nawo. Ugaweni milu iwiri kapena itatu, muyeze uliwonse paokha, muphatikize.